JOHN KIRK, MUNTHU AMENE DZINA LAKE LILI PA MASUKU

Ndikhulupirira kuti palibe mmodzi mwa ife amene sadadyepo masuku. Kwathu ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, masuku amafika pamsika mvula ikangoyamba, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kupepuka. Tikapita kutchuthi cha Khirisimasi timawapeza ali m'malichero ndi m'mabeseni, ndipo ana amakhala atazungulira ogulitsa. Ine ndakula ndikudya chipatso chimenechi osaganizako kuti chili ndi mbiri.

Tsiku lina m'kalasi ya Bayoloje aphunzitsi athu adalemba pabolodi mawu awiri akuti Uapaca kirkiana, natifunsa ngati tikuchidziwa chomera chimenechi. Tonse tidangoti kukamwa yasa. Atatiuza kuti ndi msuku kalasi yonse idaseka, koma atawonjezera kuti liwu lachiwirilo lidachokera ku dzina la mzungu wina wa ku Scotland, John Kirk, ine kuseka kudandithera. Ndidadzifunsa kuti zidatheka bwanji kuti chipatso chimene makolo athu adachidya kuyambira kalekale chitchedwe dzina la mlendo. Kodi adachibzala ndiye? Funso limeneli lidandipititsa kulaibulale, ndipo zimene ndidapeza ndi zimene ndifuna kugawana nanu.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO AKE

John Kirk adabadwa pa 19 Disembala 1832 ku Barry, m'dziko la Scotland, ndipo bambo wake adali mbusa wa mpingo. Adaphunzira za udokotala pa yunivesite ya Edinburgh namaliza m'chaka cha 1854. Masiku amenewo wophunzira udokotala ankayenera kudziwanso zomera, popeza mankhwala ambiri ankachokera ku mizu, makungwa, masamba ndi njere. Kirk adazikonda kwambiri zomerazo, kotero kuti ngakhale pamene adapita kukathandiza odwala pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea m'chaka cha 1855, ankati akapeza mpata ankakwera mapiri kukatola zomera. Adaphunziranso kujambula zithunzi ndi kamera, luso limene pa nthawiyo lidali lachilendo.

Boma la Britain litatuma David Livingstone kuti akafufuze mtsinje wa Zambezi, padafunika munthu wodziwa kuchiza komanso wodziwa zomera. Kirk ndiye adasankhidwa. Ulendo udanyamuka ku Liverpool mu Malichi 1858, iye ali ndi zaka 25 zokha. Ntchito imene adampatsa idali yoyang'anira thanzi la anzake, ndiponso yofufuza zomera zimene zikadatha kukhala zamalonda monga thonje, nzimbe, mitengo ya matabwa ndi ya utoto.

AFIKA M'DZIKO LINO

Cholinga cha Livingstone chidali chakuti sitima zizikwera Zambezi mpaka mkati mwa Africa. Koma kumtunda kwa Tete adapeza mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, ndipo sitima sikadatha kudutsa. Choncho mu Januwale 1859 adatembenukira ku mtsinje wa Shire. Pa ulendo wachiwiri adasiya sitima yawo, Ma Robert, kwa mfumu Chibisa kufupi ndi Chikwawa, nakwera mapiri wapansi pamodzi ndi Amakololo. Mu Epulo 1859 Livingstone ndi Kirk adaona nyanja ya Chilwa, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho adafika ku nyanja ya Malawi.

Mu Julayi 1861 Kirk adakweranso mapiri omwewo poperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi amishoni anzake a mpingo wa Anglican. Pamudzi wa Mbame adakumana ndi gulu la anthu oposa 80 omangidwa m'magoli, akupita nawo ku Tete kukagulitsidwa, ndipo adawamasula. Anthu amenewa ndiwo adakhala oyamba pa mishoni ya Magomero, kumalire a boma lathu la Chiradzulu ndi la Zomba. Nditawerenga zimenezi ndidazindikira kuti Kirk adaona mapiri a Chiradzulu ndi Mulanje omwe ine ndimawaona ndikaima pakhomo pathu. Kusiyana kwake nkwakuti iye adawaona ali ndi nkhalango.

NTCHITO YOTOLA ZOMERA

Mwina wina angaganize kuti kutola zomera ndi ntchito ya masewera, yongothyola maluwa m'njira. Ayi ndithu. Wotola amafuna kanthambi kamene kali ndi masamba, maluwa, ndiponso zipatso ngati zilipo, chifukwa masamba okha amanyenga. Mitengo iwiri yosiyana ikhoza kufanana masamba, koma duwa ndi chipatso ndizo zimaulula ubale weniweni. Kanthambiko amakayala pakati pa mapepala, nakapanikiza ndi matabwa awiri omangidwa zolimba. Mapepalawo amayamwa madzi, tsono ayenera kusinthidwa kawirikawiri mpaka chomeracho chitauma gwa. Akachedwa kusintha chimachita nkhungu nkuola. Pambali pake amalemba tsiku, malo, msinkhu wa mtengo, mtundu wa duwa lisanafote, dzina limene eni dera amautchula, ndi ntchito imene amaugwiritsa.

Taganizani kuchita zonsezi m'chigwa cha Shire nthawi ya dzinja, mapepala ali ochepa, sitima ikuchucha, mphemvu ndi chiswe zikudya chilichonse chouma. Taganizaninso kuti munthu yemweyo ndiye dokotala, amene usiku akupatsa anzake kwinini pamene iye mwini akunjenjemera ndi malungo. Kirk adagwira ntchito imeneyi zaka zisanu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ntchito ya zomera imafuna kudekha kotereku. Mtengo umene waupeza lero wopanda maluwa uyenera kuukumbukira ndi kuufunanso nyengo ina.

Tsoka lalikulu lidamugwera mu Novembala 1860. Akuchokera ku mathithi a Victoria, adayesa kutsika Kebrabasa pa mabwato. Bwato la Kirk lidagunda mwala nkugubuduzika. Iye adapulumuka, koma zolemba zake ndi zithunzi za zomera zimene adajambula pamanja zidapita ndi madzi. Ife timadandaula tikataya kope limodzi mayeso atayandikira, nanga munthu amene wataya ntchito ya miyezi yambirimbiri, yolembedwa m'malo amene sadzapondamonso? Chimene chidandigwira mtima nchakuti sadasiye. Adayambiranso kutola ndi kulemba.

Ulendowu udali ndi zowawa zinanso. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Mu Epulo chaka chomwecho Mary, mkazi wa Livingstone, adamwalira ku Shupanga, Kirk akuyesetsa kumuchiza. Kenaka chilala, njala ndi nkhondo za ogwira akapolo zidapulula anthu m'chigwa cha Shire. Zolemba za tsiku ndi tsiku za Kirk, zimene zidasindikizidwa mu 1965, zimaonetsa kuti nthawi zambiri sankagwirizana ndi mtsogoleri wake, ndipo ankaona kuti amaika miyoyo ya anthu pachiswe. Komabe adakhala wokhulupirika kwa iye mpaka pamene matenda a kamwazi adamfooketsa, nabwerera kwawo mu 1863.

KOMBE NDI MSWACHI

Pa zonse zimene Kirk adapeza, nkhani ya kombe ndiyo idandisangalatsa koposa. Alenje a Chimang'anja ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za chomera china choyanga chotchedwa kombe. Nyama ikalasidwa inkayenda pang'ono nkugwa. Kirk adafunitsitsa kudziwa chomeracho, ndipo adasunga kombe pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wake. M'mawa wina akutsuka mano adamva kuwawa m'kamwa, ndipo pambuyo pake adazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale.

Munthu wina akadangolavula nkuiwala. Kirk, pokhala dokotala, adaona kuti chimene chimaimitsa mtima wa nyama chikachuluka chingathe kuthandiza mtima wodwala chikachepa. Adatumiza kombeyo ku Britain. Mu 1871 Daniel Oliver wa ku Kew adatcha chomeracho Strophanthus kombe, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh adafufuza mphamvu yake kwa zaka zambiri mpaka adapezamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 njere za kombe zidayamba kutumizidwa kunja kuchokera m'dziko lino, ndipo madokotala a ku Ulaya adagwiritsa ntchito mankhwalawo kwa zaka zambiri.

Onani kuti m'dzina la Chilatini lija liwu lachiwiri ndi lathulathu. Dziko lonse lapansi limati kombe monga ankanenera alenje a m'chigwa cha Shire. Koma maina a alenjewo, amene adadziwa mphamvu ya njerezo mibadwo yambiri Kirk asanabadwe, sadalembedwe paliponse.

MMENE DZINA LIMABADWIRA

Tsono tibwerere ku masuku athu. Zomera zimene Kirk adaumitsa zidapita ku munda waukulu wa zomera wa Kew, mu mzinda wa London, kumene akatswiri ankazifanizira ndi zina zochokera kumaiko ena. Lamulo limene ankatsata lidakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, lakuti chomera chilichonse chikhale ndi maina awiri. Loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri, Banda kapena Mbewe, lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokhawo. Uapaca ndiwo mfunda, ndipo liwuli lidachokera ku chilankhulo cha ku Madagascar, kumene kulinso abale a msuku. Kasokolowe, amene zipatso zake nzazing'ono, ndi wa mfunda womwewu.

Amene adapereka dzina lachiwirilo si Kirk mwini. Adali katswiri wa ku Switzerland, Johannes Müller, amene mu 1864 adafotokoza mtengowu poona kanthambi kamene Kirk adatola m'mapiri a kuno kummwera kwa Malawi, nautcha kirkiana pofuna kulemekeza wotolayo. Kanthambi kotere, kamene dzina lidamangidwapo, amakasunga mosamala kwambiri, chifukwa pakabuka mkangano wakuti mtengo wina ndi msuku weniweni kapena ayi, akatswiri amabwerera kwa iko. Mu 1868 Oliver adatchanso mfunda wathunthu wa mitengo dzina lakuti Kirkia. Palinso Landolphia kirkii, chomera choyanga chotulutsa mpira. Ngakhale mapiri a Kirk Range, cha ku Neno ndi Ntcheu, adatchedwa dzina la munthu yemweyu.

Apa mpamene mkwiyo wanga uja udayamba kuzizira. Ndidaona kuti dzina la Chilatini silidabwere kudzachotsa lathu. Chipatso chimene ife timati masuku, Ashona a ku Zimbabwe amati mazhanje. Tsono wofufuza wa ku Zomba akafuna kulemberana ndi mnzake wa ku Harare kapena wa ku Japan, payenera kukhala dzina limodzi limene onse akulidziwa, kuti wina asamanene za mtengo uwu mnzake akuganiza za uwo.

ZIMENE KIRK SAKADATHA KUDZIWA

Zaka zimene Kirk ankayenda m'dziko lino zidali zaka zazikulu pa sayansi ya zamoyo. Mu Novembala 1859, miyezi iwiri chifikire iye ku nyanja ya Malawi, Charles Darwin adatulutsa buku lake lotchedwa On the Origin of Species, lofotokoza kuti mitundu ya zamoyo imasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri, ndipo kuti mitundu yofanana idachokera ku kholo limodzi. Joseph Hooker, amene adakhala mkulu wa Kew kuyambira 1865, adali bwenzi lapamtima la Darwin. Kuyambira pamenepo kusanja zomera m'mabanja kudakhala ndi tanthauzo latsopano. Sikudalinso kungoika pamodzi zofanana maonekedwe, koma kufufuza mzere wa ubale wake.

Pa nthawi yomweyonso, kuyambira 1856 mpaka 1863, wansembe wina wa chipani cha Augustino Woyera, Gregor Mendel, ankabzala nsawawa zikwizikwi m'munda wa nyumba yawo ku Brno. Adapeza kuti akakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana oyamba onse amakhala aatali, koma mwa adzukulu mmodzi mwa anayi alionse amakhala wamfupi. Izi zidaonetsa kuti chibadwa chimayenda motsata malamulo, ndipo khalidwe lobisika mwa mwana likhoza kuonekera mwa mdzukulu. Adasindikiza zimenezi mu 1866, koma akatswiri sadazilabadire mpaka 1900, iye atamwalira kale.

Lero akatswiri amatha kuwerenga DNA ya chomera, ndipo yawathandiza kukonza zina zimene akale adaziona ndi maso okha. Müller adaika msuku m'banja la Euphorbiaceae, limodzi ndi chinangwa, nsatsi ndi nkhadze. Kafukufuku wa DNA adaonetsa kuti banja limenelo lidaphatikiza mizere ingapo yosiyana, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 2000 msuku uli m'banja la Phyllanthaceae. Mitengo ya Kirkia nayo idachotsedwa m'banja limene idaikidwa poyamba nipatsidwa banja lakelake la Kirkiaceae. Kirk sadamvepo za DNA, koma timitengo touma timene iye ndi anzake adasunga ndi timene ofufuza akuyambirapo mpaka lero.

KU ZANZIBAR NDI MASIKU OTSIRIZA

Mu 1866 Kirk adapita ku Zanzibar ngati dokotala wa ofesi ya kazembe wa Britain, ndipo pambuyo pake iye mwini adakhala kazembe. Zanzibar ndiwo udali msika waukulu wa akapolo, ndipo ambiri mwa ogulitsidwa kumeneko ankachokera kuno kunyanja, kudzera ku Kilwa. Kirk adali ataona ndi maso ake magoli kwa Mbame ndi mitembo yoyandama mu Shire. Mu Juni 1873 adakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano loletsa kutumiza akapolo panyanja, ndipo msikawo udatsekedwa. Ukapolo sudathe tsiku lomwelo, koma khomo lake lalikulu lidatsekeka.

Sindifuna kumujambula ngati munthu wopanda banga. Henry Morton Stanley adamudzudzula kuti sadasamale mokwanira za katundu wopita kwa Livingstone m'zaka zake zomaliza, ngakhale ena adamuikira kumbuyo. Komanso adali wantchito wa boma la Britain, ndipo mphamvu zimene adali nazo pa Sultan zidathandiza kutsegula njira ya utsamunda kummawa kwa Africa. Zomera zimene ankafufuza ankaziyang'ananso ndi diso la malonda a dziko lake. Zonsezi nzoona pamodzi ndi zabwino zija.

Chikondi chake pa zomera sichidazilale. Ku Mbweni, pa chilumba cha Zanzibar, adalima munda woyeseramo mitengo yosiyanasiyana, ndipo adapitiriza kutumiza zomera ku Kew. Adapuma ntchito m'zaka za m'ma 1880 nakakhala ku Sevenoaks, ku England, kumene adamwalira pa 15 Januwale 1922 ali ndi zaka 89.

ZIMENE NDIDAMVA KWA AGOGO

Patchuthi chapitachi ndidatenga nkhani yonseyi kukawafotokozera agogo anga aakazi. Adamvetsera akusenda nandolo, ndipo dzina la Chilatini lija lidawaseketsa kwambiri. Kenaka adayamba kundiphunzitsa iwo. Adandiuza kuti pali misuku ina imene imachita maluwa chaka ndi chaka koma osabala, ndipo ankaitcha yaimuna. Adandiuza kuti mitengo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana, wina wa zipatso zotsekemera, wina wa zopanda kukoma, ndipo ali atsikana ankadziwa mtengo uliwonse wabwino ndi malo ake. Adatinso pansi pa misuku mpamene ankazula bowa wambiri.

Nditabwerera kusukulu ndidapeza kuti zonsezi mabuku akuvomereza. Msuku ulidi ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi payokhapayokha. Mizu yake imakhala mothandizana ndi bowa. Kusiyana kwa kukoma kumachokera mwa zina ku chibadwa cha mtengo uliwonse, ndipo nchifukwa chake ofufuza a ku Makoka, m'boma la Zomba, adayamba kufunsa anthu akumidzi kuti awalozere mitengo ya zipatso zabwino, kuti atengeko nthambi zokamezanitsa. Agogo sadapite kusukulu, koma zimene adandiuza pakhonde ndi zomwezo zimene akatswiri adazitsimikiza.

Chomvetsa chisoni nchakuti nditawapempha kuti akandionetse mitengo ija, adangoloza kumene tsopano kuli minda ndi nyumba. Kwathu anthu tachuluka, malo achepa, ndipo mitengo yachilengedwe yambiri idathera ku nkhuni ndi kuotchera njerwa. Masuku amene timagula pamsika amachokera kutali. Mng'ono wanga amadziwa bulugama ndi mango, koma mtengo wa msuku sangauloze. Ndidachita mantha poganiza kuti tsiku lina kanthambi kouma ka ku Kew kadzakhalapobe pamene ku Milepa kulibe mwana wodziwa kumene masuku amachokera.

Funso langa loyamba lija layankhidwa, koma landisiyira manyazi. Kirk sadabzale msuku ndipo sadali woyamba kuudziwa. Dzina lake lili pamenepo chifukwa adafunsa, adayang'anitsitsa, adalemba, ndipo adasunga. Makolo athu ankadziwa zambiri kuposa iye za mitengo ya kuno, koma nzeru zawo zidali za pakamwa, ndipo nkhalamba iliyonse ikamwalira zina zimapita nayo kumanda. Ife tili ndi mwayi umene iwo adalibe, pakuti timatha kulemba, ndiponso tili ndi mwayi umene Kirk adalibe, pakuti chilankhulo ndi chathu ndipo agogowo ndi athu. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, kumene Amalawi anzathu akugwira ntchito yomweyi yosunga ndi kutchula zomera za dziko lino.

Ine ndagula kope la masamba 80. Patsamba lililonse ndikulemba dzina la mtengo kapena chitsamba monga agogo akutchulira, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, malo amene chimamera, mwezi umene chimachita maluwa, ndi ntchito yake. Pakali pano ndafika pa maina 23. Ndafesanso njere za masuku m'timachubu kuseri kwa khitchini, pakuti ndidawerenga kuti njerezi zimafa msanga zikauma, ndipo ziyenera kufesedwa zikadali zaziwisi. Sindidziwa kuti ndi ziti zidzakhale zazimuna ndi ziti zazikazi. Zimenezo zidzaoneka patapita zaka, mitengoyo ikadzachita maluwa.

Anzanga, tchuthi chikubwerachi aliyense wa ife apita kwawo, wina ku Phalombe, wina ku Thyolo, wina ku Mwanza. Safunsa adadya phula. Tengani kope, khalani pansi ndi agogo anu akadali moyo, ndipo muwafunse maina a mitengo ya kwanu. Tikadzatsegulira sukulu tidzafanizire zimene tapeza.